Alamu ya thanki inkalira usiku wonse

Titaika pulogalamu yatsopano ya HMI (yoonera ndi kuyendetsera makina pa sikirini) pafakitale yathu, anzathu a shifiti ya usiku anayamba kudandaula kuti alamu ya thanki ya madzi sikupuma. Ndinachezera nawo usiku umodzi kuti ndidzionere ndekha.

Alamuyi imalira madzi akafika pa 80%. Pampu ikayaka, madzi ankawinduka, nambala n'kumavina pakati pa 79 ndi 81, ndipo ikangodutsa 80 alamu inkalira. Bambo wina wachikulire ankangodina batani lovomereza osayang'ana n'komwe pa sikirini. Zimenezi zinandiopsa, chifukwa alamu ya ngozi yeniyeni akanaidinanso chimodzimodzi. Muyezo wa kasamalidwe ka ma alamu wotchedwa ISA-18.2 umati ma alamu akapitirira 10 pa mphindi 10 amuchulukira munthu, ndipo ife thanki imodzi yokha inkatipitiritsa pamenepo.

Nditatsegula tagi yake (pomwe pali makonzedwe a alamuyi mu pulogalamu) ndinapeza deadband, mpata womwe nambala iyenera kutsika alamu isanazime, ili pa ziro. Posamutsa polojekiti yakale sitinaione. Ndinaiika pa 2%, kuti alamu isazime mpaka madzi atatsika pansi pa 78. Ndinawonjezeranso on-delay (nthawi yodikira alamu isanalire) ya masekondi 5 kuti kafunde kongodutsa kasawerengedwe.

Pulogalamu yatsopanoyi ili ndi shelving, yomwe yakale inalibe. Woyendetsa makina amaika pambali alamu yovutitsa kwa kanthawi, imabwerera yokha, ndipo dzina la woyendetsayo limalembedwa. Ndinailola kwa ola limodzi basi. Ma alamu a chitetezo ndinawatsekera, palibe angawaike pambali.

M'mawa mwake bambo aja anandiuza kuti alamu ya thanki ija inalira kawiri kokha, ndipo kawiri konseko ananyamuka kukaona thankiyo.