Mmene tinachotsera nkhungu yobisika kudenga

Fungo la chinyezi m'chipinda cha ana linkakula mvula ikagwa, koma makoma ankaoneka oyera bwinobwino. Mwana wathu wamng'ono ali ndi mphumu, ndiye sindinafune kudikira kuti dzinja lithe. Ndinaitana mmisiri wa zomangamanga amene ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi.

Kachipangizoko kanasonyeza kuti pakona ina, chakumtunda, panali ponyowa kwambiri. Atakwera m'denga anapeza kuti misomali ingapo ya malata inachita dzimbiri, madzi n'kumadontha pang'onopang'ono pa siling'i. Pamwamba pa bodi ya siling'iyo panali bii ndi nkhungu, chonsecho kunsi kwake utoto sunasinthe.

Chimene chinandisangalatsa n'chakuti anayamba ndi podontha: anasintha misomali, n'kumata mabowo onse. Kenako anatchinga pakhomo ndi pulasitiki, anavala magolovesi ndi masiki ya N95 (yosefa fumbi losaoneka ndi maso), n'kudula bodi yonse yowonongekayo. Anaikulunga m'matumba asanaitulutse, kuti fumbi lake lisamwazikire m'nyumba. Bodi yotere imamwa madzi ndipo nkhungu imalowerera mkati, choncho kupukuta pamwamba kapena kupakapo utoto sikuthandiza. Matabwa a denga anali asanaole, ndiye anangowakwecha ndi burashi ndi madzi a sopo. Anandichenjezanso kuti ndisadzasakanize Jik ndi viniga, chifukwa mpweya wotulukapo umawononga mapapo.

Malowo tinawasiya osatseka, mawindo ali otsegula, fani ikuzungulira, mpaka kachipangizo kaja katasonyeza kuti matabwa auma. Apo m'pamene anakhoma bodi yatsopano n'kupaka utoto. Fungo lija linatheratu, ndipo mwana akugona osatsokomola usiku.