Mmene mungalondolere ulendo wa a Morlach mutu osazungulira

Ine kuno ku Ndirande nkhani ya kusamuka kwa a Morlach, abusa akale a kumapiri a dera lomwe lero ndi Croatia ndi Bosnia ku Ulaya, yandigwira mtima kwa miyezi tsopano, ndiye ndati ndikugawireni mmene ndimaiwerengera, chifukwa ukangoyamba ndi mayina ndi zaka umasochera msanga.

Yambani ndi pepala lalikulu ndi pensulo, bolopeni ayi, mufufuta kangapo. Jambulani gombe la nyanja ya Adriatic, lembanipo mizinda ya Zadar, Šibenik ndi Split, uko kunali kwa boma la Venice, mzinda wa ku Italy. Kumtunda kumapiri kunali a Ottoman, ufumu wa Aturuki, chakumpoto a Habsburg, mafumu a ku Austria. Pakati pa maufumu atatuwa mpamene panali a Morlach, abusa a nkhosa ndi mbuzi, kukatentha kukwera nazo ziweto kuphiri, kukazizira kutsika nazo kuchigwa.

Kenako ikani nkhondo ziwiri zokha kaye, zonse za Venice ndi a Ottoman. Ya 1645 mpaka 1669, yolimbirana chilumba cha Crete, ndi imene mabanja ambiri anachoka mbali ya Ottoman nkulowa kwa Venice chakufupi ndi Zadar, ndipo atsogoleri ngati Ilija Smiljanić ndi Stojan Janković mukumana nawo pamenepo. Ina ndi ya 1684 mpaka 1699, Venice inalanda matauni akumtunda, Sinj mu 1686, Knin mu 1688, ndipo mu 1687 anthu a ku Rama ku Bosnia anasamukira ku Sinj limodzi ndi ansembe awo a Franciscan. Gulu lililonse lijambulireni muvi wake wosonyeza komwe linachoka ndi komwe linapita.

Apa ndiye pensulo ija igwire ntchito. Pangano la Karlowitz mu 1699 ndi la Passarowitz mu 1718 anakankhira malire a Venice kumtunda, ndiye pali midzi ina imene sinasunthe olo phazi limodzi koma yadzuka ili pansi pa boma lina. Amenewo musawapatse muvi, malire ndi amene anayenda, anthu ayi, ndipo ambiri amalakwitsa pomwepa.

Dzinalo samalani nalo kwambiri abale. Linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza "Vlach wakuda" (Vlach linali dzina la abusa a kumapiri a kumeneko), koma alembi a Venice ankangolipachika pa aliyense wakumtunda, kaya wa Katolika kaya wa Orthodox, ambiri akulankhula Chisilavu. Ine zimandikumbutsa mmene atsamunda ankatchulira Alomwe kuti Anguru atabwera kuchokera ku Mozambique, dzina loperekedwa ndi wolemba kaundula, eni ake osafunsidwa, ndipo zimandiwawa ndithu. Ndiye musawatenge ngati mtundu umodzi wa mfumu imodzi. Pofufuza pa intaneti yesani Morlacchi, Morlaci komanso Vlach, mupeza zosiyana.

Pa muvi uliwonse dzifunseni kuti malowo anapereka ndani, ndipo ankafuna chani pobweza. Venice inkapereka minda koma mwamuna agwire mfuti kulondera malire. A Habsburg nawo chimodzimodzi, mu 1630 mfumu yawo Ferdinand II inatulutsa lamulo la Statuta Valachorum, lopatsa a Vlach ufulu wosankha akuluakulu awo posinthana ndi usilikali. Amene agogo anu anakuuzani za thangata ku Thyolo ndi Mulanje simuvutika kumva, malo a mwini sakhala aulere, ngakhale kwa a Morlach malipiro ake anali nkhondo osati khasu.

Muvi womaliza ulunjike kumpoto ku dera la Istria, komwe Venice inakhazika mabanja a Morlach mmidzi yomwe mliri ndi malungo zinasiya mabwinja. Umenewo muujambule ndi mtundu wina, chifukwa chinawakokera kumeneko ndi minda yopanda olima.