Kuphunzitsa Pokémon Mwaluso Popanda Kubera

Achinyamata ena a ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, mnzawo akawagonjetsa pa Pokémon, masewera a pakanema omenyanitsa zilombo, amathamangira kunena kuti wabera, chonsecho iye wangophunzitsa zilombo zake mosamala. Kuwerengera ma EV, omwe ndi mapointi owonjezera mphamvu amene chilombo chimapeza chikagonjetsa chinzake, si kubera ayi, pakuti ndi lamulo limene opanga masewerawa anaikamo okha.

Chilombo chilichonse chimalandira ma EV osapitirira 510, ndipo mphamvu imodzi siingalandire ma EV oposa 252. Choncho sankhani mphamvu ziwiri, monga liwiro ndi kumenya, kenako muzigonjetsa zilombo zokhazo zimene zimawonjezera mphamvuzo, uku mukulemba chiwerengero m'kope kuti musasokonezeke. Ntchitoyi ndi yotopetsa ndithu, koma phindu lake limaoneka pankhondo.

Pewani mapulogalamu akunja osinthira zilombo, chifukwa m'mipikisano yovomerezeka wopezeka ndi chilombo chotere amachotsedwa.