Kasankhidwe ka jekete ya pa ulendo wa ku Joni

Inu amene mukufuna kukwera basi ya ku Joni mu Juni kapena Julayi, nkhani ya jekete musaisiye mpaka tsiku lonyamuka. Mukadutsa pa Mwanza n'kulowa Zobue, kutsetserekera ku Tete kumatentha moti jekete imasanduka katundu. Koma mukatsika pa Park Station, siteshoni ya mabasi ya ku Johannesburg, m'bandakucha, mphepo yake ndi yolowa m'mafupa. Johannesburg ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,750, kuposa Blantyre, ndipo m'miyezi imeneyi udzu umacha utayera ndi chisanu.

Ambiri akamva zimenezi amathamangira chijekete cholemera ngati bulangeti. Ine sindilimbikitsa. Pa Tete mudzachisowera poika, ndipo m'chikwama chidzadya malo a zovala zina. Sankhani jekete yopepuka, yansalu yothina ulusi yosalowa mphepo, yokula pang'ono kuti mkati muzitha kuvala juzi. Kukatentha mwavula juzi, kukazizira mwabwezera. Jekete imodzi yomweyo yakwanira ulendo wonse.

Pokagula pa kaunjika, pitani mutavala juzi imene mudzayende nayo. Valani jeketeyo pamwamba, kwezani manja onse m'mwamba, kenako pindani ngati mukunyamula chikwama. Ikakoka kukhwapa kapena manja ake akathawira kuchigongono, ibwezeni pamulu, ngakhale wogulitsa alumbire kuti "bwana, yakukhalani." Zipi muikoke katatu, kukwera ndi kutsika. Ikalumpha mano pamsika pomwepo, dziwani kuti idzakukanani usiku pamzere wa pa Beitbridge, chipata cha malire a Zimbabwe ndi South Africa. Itembenuzeninso muone misoko ya mkati, makamaka kukhwapa ndi m'matumba, poti n'kumene imayambira kung'ambika.

Thumba la mkati musalipeputse. Paulendowu pasipoti imatuluka kangapo: pa Mwanza, pa Zobue, pa Cuchamano, pa Nyamapanda, ndi mbali zonse ziwiri za Beitbridge. Thumba likhale lakuya loti pasipoti ilowe yonse, ndipo litsekeke ndi zipi kapena batani. Ngati jekete mwaikonda koma ilibe thumba lotere, telala wa pakhonde angakusokereni ndi kansalu kolimba. Ndalama ndi foni zigone mmenemo, osati m'matumba akunja, amene munthu amapisamo inu muli mtulo.

Mtundu ukhale wakuda, wabuluu woderako kapena wotuwa. Yoyera imafika itatha ndi fumbi. Zolembalemba zikuluzikulu kumsana zisiyeni. Jekete yopanda zambiri mudzapita nayo kutchalitchi, kokafunsira ntchito ngakhale kumaliro, ndipo zaka zikapita sidzaoneka yachikale. Za chikopa chabodza zija, zonyezimira bwino pamsika, zimayamba kusendeka pakolala.

Ganizaninso kumene mukathere. Ku Joni mvula imagwa nthawi yotentha ngati kwathu kuno, ndipo chisanu chake n'chouma. Ku Cape Town mvula imabwera pamodzi ndi kuzizira, choncho opitirira mpaka kumeneko apeze jekete yachipewa, yansalu yoti madzi azitsetsereka. Yathonje ikanyowa imalemera ndipo imachedwa kuuma.

Mukagula, ichapeni ndi kuiyanika kudakali masiku angapo. Ngati ndi yanayiloni musaisite ndi ayironi yamakala, imasungunuka. Tsiku laulendo musaitsekere m'chikwama chopita kunsi kwa basi. Khalani nayo pampando, masana muipinde muzitsamira.