Momwe mungagwiritsire ntchito foni ya m'manja popanda kuika moyo wanu pa chiswe

Nkhani ya kuopsa kwa foni ikayambika, anthu ambiri amathamangira kutchula khansa ya mu ubongo. Manthawa ali ndi pomwe anachokera, chifukwa mu 2011 nthambi ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO yofufuza za khansa, yotchedwa IARC, inaika mphamvu imene foni imatulutsa polumikizana ndi nsanja za netiweki m'gulu la zinthu zomwe mwina zingayambitse khansa, ngakhale kuti umboni wake unali wochepa. Koma mu 2024 akatswiri omwe WHO inawapatsa ntchito younikanso kafukufuku wa zaka zambiri sanapeze mgwirizano pakati pa kugwiritsa ntchito foni ndi khansa ya mu ubongo. Zimene zikuvulaza anthu lero ndi zina, ndipo n'zoti munthu aliyense angathe kuzipewa.

1. Yambani ndi tchaja ndi batire

Apa ndi pamene pagona ngozi yaikulu m'nyumba. Magetsi a pa soketi kuno ku Malawi ndi a mavoti 230, ndipo ntchito ya tchaja ndi kuwachepetsa kuti afike pa mlingo wochepa umene foni imafuna. Tchaja yotchipa yachinyengo nthawi zambiri imakhala yosatetezedwa bwino m'kati, moti ikawonongeka imatha kupititsa magetsi amphamvu ku foni imene mwaigwira m'manja kapena kuigunditsa kukhutu. Gulani tchaja yogwirizana ndi foni yanu kwa ogulitsa odalirika, ndipo chingwe chikayamba kusenda n'kumaonetsa mawaya, chitayeni m'malo mochikulunga ndi pepala la pulasitiki. Musagwire foni imene ili pa tchaja ndi manja onyowa, makamaka mutaima opanda nsapato pa simenti yachinyezi. Wina akagwidwa ndi magetsi, thimitsani kaye pa soketi kapena pa switchi yaikulu musanamukhudze, apo ayi nanunso mugwidwa.

Batire la foni limadana ndi kutentha. Chizolowezi chotchaja foni usiku ili pansi pa pilo, kapena pa bedi m'kati mwa neti yoteteza ku udzudzu, n'choipa kwambiri, chifukwa kutentha kumasowa kotulukira ndipo nsalu, matiresi ndi neti sizichedwa kugwira moto. Ikani foni pa tebulo kapena pansi pouma, kutali ndi mbaula komanso dzuwa. Mukaona kuti batire latupa mpaka chivundikiro cha kumbuyo chikukana kutsekeka, lekani kuligwiritsa ntchito tsiku lomwelo. Ambiri amangolimanga ndi mphira kuti lipitirize kugwira ntchito, koma kutupako kumasonyeza kuti m'kati mwake mwadzaza mpweya chifukwa lawonongeka, ndipo likhoza kuyaka. Musalibowole, musalipondereze, ndipo musalitaye kudzala kumene mumatenthako zinyalala. Vutoli silisankha foni zotchipa zokha ayi: mu 2016 kampani ya Samsung inauza ogula kuti abweze foni za Galaxy Note 7 ndipo inasiya kuzipanga chifukwa mabatire ake ankayaka.

2. Chotsani foni pa tchaja kukamachita ziphaliwali

Foni payokha siikoka mphenzi monga ena amanenera. Choopsa ndi mawaya, chifukwa mphenzi ikagunda pafupi, mphamvu yake imatha kuyenda m'mawaya a magetsi mpaka kufika pa soketi. Mvula ya mabingu ikayamba, zulani tchaja, ndipo mukatero mutha kuyimba foni muli m'nyumba. Chitaninso chimodzimodzi magetsi akazima, popeza nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyeso n'kuwotcha zipangizo.

3. Musagwire foni mukuyendetsa

WHO imanena kuti dalaivala amene akugwiritsa ntchito foni amakhala pa chiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sakuigwiritsa ntchito, ndiponso kuti kulankhula pa foni osaigwira m'manja sikuchepetsa kwenikweni chiopsezocho, chifukwa chimene chimachoka pa msewu ndi maganizo. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imayenda mamita 50 pa masekondi 3 okha, kutanthauza kuti amene waweramira pa uthenga wa WhatsApp kwa kanthawi kameneko wadutsa pafupifupi theka la bwalo la mpira asakuona kutsogolo. Musananyamuke, tsekani kulira kwa foni ndi kuiika m'chikwama. Ngati pali nkhani yofulumira, imani pambali pa msewu pamalo abwino. Mukakwera minibasi kapena kabaza n'kuona woyendetsa akuyankha foni, muuzeni mwaulemu koma mosazengereza kuti aime kaye. Moyo umene wanyamulawo ndi wanu, ndipo kukhala chete poopa kuoneka ovuta sikupulumutsa munthu. Oyenda pansi nawonso achotse mahedifoni podutsa msewu kapena njanji.

4. Tetezani makutu anu

Malinga ndi WHO, achinyamata oposa 1 biliyoni ali pa chiopsezo chowonongeka makutu chifukwa chomvetsera zinthu mokweza kwambiri. Tiziwalo ta m'kati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso, n'chifukwa chake nkhaniyi siyofunika kuitenga mopepuka. Voliyumu isapitirire 60 peresenti, ndipo muzipumitsa makutu pafupipafupi. Ngati munthu amene ali pafupi nanu akuchita kukuwa kuti mumumve, ndiye kuti mwakweza mopyola. Makutu akayamba kulira okha mutachotsa mahedifoni ndipo kulirako sikukutha, pitani kuchipatala.

5. Samalani maso, khosi ndi tulo

Pakatha mphindi 20 zilizonse mukuyang'ana pa foni, yang'anani chinthu chimene chili patali pafupifupi mamita 6 kwa masekondi 20 kuti maso apume. Kwezani foni kuti ilingane ndi maso m'malo moweramitsa mutu, chifukwa kuwerama nthawi yaitali kumapweteketsa khosi ndi mapewa. Usiku ikani foni patali kutatsala ola limodzi kuti mugone, popeza kuwala kwake pamodzi ndi mauthenga osatha zimachedwetsa tulo.

Makolo asamale kwambiri za ana aang'ono. Malangizo a WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka 2 asamakhale pansi kuonera zinthu pa foni kapena pa TV, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi pa tsiku. Kupatsa mwana foni kuti atonthole kumathandiza kwa kanthawi, koma kumamulanda nthawi yosewera ndi yolankhula ndi anthu, zimene ndi zofunika kuti akule bwino.

6. Foni isalowe m'chimbudzi

Mutha kusamba m'manja bwinobwino, koma mukagwiranso foni imene munali nayo m'chimbudzi, tizilombo timabwerera m'manja n'kukafika pa chakudya. Ipukuteni kawirikawiri ndi kansalu konyowetsedwa pang'ono ndi sanitaiza, itazimitsidwa komanso itachotsedwa pa tchaja.

7. Ngati nkhawa ya khansa ikadalipo

Mphamvu imene imafika m'mutu imachepa kwambiri foni ikatalikira ndi thupi, choncho pa macheza aatali gwiritsani ntchito sipika kapena mahedifoni, kapenanso lembani uthenga. Foni imatulutsa mphamvu yambiri pamene netiweki ili yofooka, chifukwa imalimbana kuti ifikire nsanja, ndiye ngati kwanu netiweki imavuta, fupikitsani nkhani kapena pitani pamalo pamene imagwira bwino musanayimbe.