Momwe Mungatsatire Zisankho ndi Ndale za ku Nepal Osasochezedwa ndi Nkhani ya India ndi China

Dziko la Nepal lili m'mapiri a Himalaya, ndipo lazunguliridwa ndi India kum'mwera, kum'mawa ndi kumadzulo, pamene kumpoto lachita malire ndi China. Chifukwa cha malo amenewa, nthawi iliyonse imene dzikoli lachita chisankho kapena boma lake lagwa, nkhani zochokera kunja zimathamangira kufunsa kuti wapindula ndani pakati pa Delhi, likulu la India, ndi Beijing, likulu la China. Funso limeneli ndi lofunika, koma munthu woyambira pamenepo amasochera msanga, pakuti zambiri zimene zimadzutsa ndi kugwetsa maboma ku Kathmandu, likulu la Nepal, zimachokera m'Nyumba ya Malamulo ya dziko lomwelo. Ngati mukufuna kumvetsa zimene zikuchitika, yambani mwawerenga mipando ya aphungu, kenaka muone misewu imene katundu amadzera, ndipo za mayiko aakuluwo muzione pambuyo pake.

Choyamba kudziwa n'chakuti anthu a ku Nepal sasankha mwachindunji mtsogoleri wa boma. Ufumu unathetsedwa mu 2008, ndipo malamulo oyendetsera dziko amene anakhazikitsidwa mu Seputembala 2015 anaika mphamvu zolamulira m'manja mwa nduna yaikulu, pamene pulezidenti amasankhidwa ndi aphungu ndipo ntchito yake kwenikweni ndi yaulemu. Nyumba imene imapereka nduna yaikulu ili ndi mipando 275. Mwa imeneyi, mipando 165 amaipikisana m'madera, kumene amene wapeza mavoti ochuluka ndiye wapambana, ndipo mipando 110 yotsalayo amaigawa kwa zipani molingana ndi mavoti amene chipani chilichonse chapeza m'dziko lonse, malinga ngati chafika pa magawo 3 pa 100 alionse. Nambala yoti muisunge pamtima ndi 138, chifukwa amene wasonkhanitsa aphungu ochuluka chotero ndiye amapanga boma.

Woponya voti amalandira mapepala awiri a nyumba imeneyi, lina losankhira phungu wa dera lake ndi lina losankhira chipani. Zipani zimadziwika ndi zizindikiro: mtengo ndi wa Nepali Congress, dzuwa ndi la chipani cha chikomyunizimu cha CPN-UML, ndipo belu ndi la Rastriya Swatantra Party imene inakhazikitsidwa mu 2022. Munthu amadinda pa chizindikiro chimene wasankha ndi chidindo cha swastika, chomwe kwa Ahindu ndi Abuda ndi chizindikiro chakalekale cha mwayi, choncho musadabwe mukachiona pa zithunzi. Mavoti amawerengedwa pamanja, ndipo mabokosi ochokera m'midzi ya pamwamba pa mapiri amanyamulidwa ndi anthu oyenda pansi kapena ndi helikoputa kupita kumalo owerengera, zimene zimachititsa kuti zotsatira zizituluka pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Apa m'pofunika kudekha. Zotsatira za m'madera zimayamba kumveka, ndipo zimatha kupereka chithunzi chimene mipando ya zipani idzachisintha. Pa chisankho cha pa 20 Novembala 2022, Nepali Congress inapambana m'madera 57 pamene CPN-UML inapambana m'madera 44, koma pa voti ya zipani CPN-UML ndiyo inatsogola, ndipo mipando yonse itaphatikizidwa inakhala 89 kwa 78. Panalibe chipani chimene chinayandikira 138, monganso mu 2017 pamene CPN-UML inatsogola ndi mipando 121.

Zotsatira zikalengezedwa, musaganize kuti nkhani yatha, chifukwa kawirikawiri pamenepo m'pamene zokambirana zopanga boma zimayamba, ndipo mgwirizano wa pa nthawi ya kampeni sumanga munthu aliyense. Zimene zinachitika chisankho cha 2022 chitatha zikusonyeza bwino mfundo imeneyi. Pushpa Kamal Dahal, amene amadziwika ndi dzina loti Prachanda ndipo anatsogolera nkhondo ya zigawenga zachikomyunizimu zotchedwa Maoist kuyambira 1996 mpaka 2006, anachita kampeni pamodzi ndi Sher Bahadur Deuba wa Nepali Congress. Chipani chake chinangopeza mipando 32, koma atakanizidwa udindo wa nduna yaikulu, anatembenukira kwa K.P. Sharma Oli wa CPN-UML ndipo anaulandira udindowo kumapeto kwa Disembala. Patangopita miyezi iwiri anasiyana ndi Oli chifukwa chothandiza Ram Chandra Paudel wa Nepali Congress pa chisankho cha pulezidenti, nabwerera kwa Deuba. Mu Malichi 2024 anamusiyanso Deuba nabwerera kwa Oli, ndipo mu Julayi chaka chomwecho zipani ziwiri zazikuluzo zinagwirizana zokha n'kumuchotsa, Oli nakhala nduna yaikulu. Kusintha konseku kunachitika aphungu ali omwewo, popanda voti ina ya anthu. Amene anayesa kufotokoza kutembenuka kulikonse ponena kuti India kapena China yakoka chingwe anafunika kusintha nkhani yake kanayi m'miyezi yosakwana 20.

Kuti muzitha kuoneratu kugwa kwa boma, dziwani lamulo limodzi. Aphungu saloledwa kubweretsa voti yochotsa nduna yaikulu m'zaka ziwiri zoyamba, koma ngati chipani chimene chili m'boma chatuluka, nduna yaikuluyo iyenera kupempha voti yoikhulupirira pasanathe masiku 30. Choncho nkhani yoti chipani chaching'ono chachotsa nduna zake m'boma ndi yolemera kuposa zolankhula zonse za pamsonkhano. Muziyang'ananso bwalo lalikulu la milandu, limene mu 2021 linabwezeretsa kawiri Nyumba ya Malamulo imene Oli anaithetsa, ndipo ulendo wachiwiriwo linalamula kuti Deuba akhale nduna yaikulu.

Pali mphamvu ina imene simungaipeze pa mndandanda wa mipando, ndiyo mkwiyo wa anthu m'misewu. Zionetsero za mu 2006 ndizo zinalanda mphamvu kwa Mfumu Gyanendra. Mu Seputembala 2025 boma la Oli, limene linali ndi aphungu ochuluka kwambiri, linatseka masamba a mchezo 26 a pa intaneti, kuphatikizapo Facebook ndi YouTube, ndipo achinyamata amene anali atatopa kale ndi katangale anakhamukira m'misewu. Apolisi anawombera anthu pa 8 Seputembala, tsiku lotsatira nyumba ya aphungu ndi maofesi aakulu a boma zinatenthedwa, Oli anatula pansi udindo, ndipo anthu oposa 70 anataya miyoyo. Pa 12 Seputembala, Sushila Karki, amene kale anali mkulu wa oweruza, analumbiritsidwa kukhala nduna yaikulu yogwirizira, mayi woyamba kukhala pa udindowo, ndipo chisankho chatsopano chinaikidwa pa 5 Malichi 2026. Zizindikiro zinalipo kale kwa amene ankayang'ana: mu 2022 anthu a ku Kathmandu anasankha Balendra Shah, woima payekha, kukhala meya, ndipo chipani cha belu chija chinapeza mipando 20 chili ndi miyezi yochepa chikhazikitsidwireni. Mukaona zipani zakale zikugonja m'mizinda, muzitenga zimenezo ngati chenjezo lenileni.

Mukamvetsa za m'katizi, tengani mapu osonyeza mapiri ndi zigwa. Kum'mwera kuli chigwa cha Terai, kumene kumakhala pafupifupi theka la anthu a dzikolo, ndipo malire ake ndi India ndi otseguka, moti anthu amawoloka popanda viza, mogwirizana ndi ubale umene unakhazikika pa pangano la mu 1950. Malonda oposa theka a Nepal amachitika ndi India, mafuta a galimoto ndi gasi wophikira zimachokera kumeneko, ndipo ndalama ya dzikolo inamangiriridwa ku ndalama ya India pa mlingo wa ma rupee 1.6 a Nepal pa rupee imodzi ya India. Tanthauzo la kudalira kumeneku linaoneka mu 2015. Anthu a mtundu wa Madhesi a m'chigwamo anakana malamulo atsopano ponena kuti akuwachepetsa, nakhala pa mlatho wa pamalire pakati pa Birgunj ndi Raxaul, ndipo magalimoto a katundu anasiya kulowa kuyambira Seputembala mpaka Febuluwale 2016. Boma la Nepal linati India yatseka malire mwadala, pamene India inakana ponena kuti madalaivala ake ankaopa zipolowe. Ku Kathmandu anthu ankagona pa mizere ya mafuta, mabanja a m'tauni anabwerera kukaphikira nkhuni, ndipo zipatala zinasowa mankhwala, zonsezi patangopita miyezi yochepa chichitikireni chivomezi cha mu Epulo chimene chinapha anthu pafupifupi 9,000. Wandale aliyense wa ku Nepal akamalankhula zotsutsa India, dziwani kuti akukhudza bala limeneli, ndipo omvera ake akulikumbukira.

Yankho la Oli, amene anali nduna yaikulu pa nthawiyo, linali kusainirana ndi China pangano lodutsitsa katundu mu 2016, ndipo mu 2017 Nepal inalowa mu ndondomeko ya China yomanga misewu, njanji ndi madoko m'mayiko ena, yotchedwa Belt and Road. Koma apa mapu akuthandizani kuti musakokomeze. Njira za kumpoto zimakwera m'mapiri ataliatali kwambiri padziko lapansi, ndipo zimaduka kawirikawiri. Chipata cha Tatopani chinatsekedwa chivomezi chitachitika mpaka 2019, ndipo mlatho wa pa Rasuwagadhi unakokoloka ndi madzi mu Julayi 2025. Pamene njanji yochokera ku Tibet, mbali ya China, yakhala ikukambidwa kwa zaka zambiri, paipi ya mafuta yochokera ku Motihari ku India kufika ku Amlekhgunj inatsegulidwa mu 2019 ndipo ikugwira ntchito. Choncho mukamva za pangano latsopano, funsani ngati langosainidwa kapena ndalama zatuluka, ngati ndalamazo ndi ngongole kapena thandizo laulere, ndiponso kuti adzagula zotuluka pa ntchitoyo ndani. Bwalo la ndege la ku Pokhara, lomangidwa ndi ngongole ya ku China ndi kutsegulidwa pa 1 Januwale 2023, lakhala likusowa ndege zochokera kunja. Magetsi a m'mitsinje ya Nepal msika wake waukulu ndi India, imene mu Januwale 2024 inagwirizana zogula mamegawati 10,000 m'zaka khumi, koma sivomera magetsi ochokera ku malo amene makampani a ku China ali ndi gawo. Lamulo limodzi lotere limasankha amene adzamange madamu kuposa mmene ulendo wa nduna ungachitire.

Tsopano mungathe kuyesa mayina amene atolankhani amapatsa atsogoleri, akuti uyu ndi wa China, uyo ndi wa India. Njira yake ndi kuyerekeza zimene munthu analankhula ali kotsutsa ndi zimene anachita ali m'boma. Dahal atakhala nduna yaikulu koyamba mu 2008 anayamba wapita ku Beijing, koma mu 2016 ndi mu 2023 ulendo wake woyamba unali wa ku Delhi. Thandizo la madola 500 miliyoni lochokera ku bungwe la America la MCC, lomangira mawaya a magetsi ndi kukonza misewu, linatsutsidwa koopsa ndi otsatira a Maoist m'misewu, komabe linavomerezedwa ndi aphungu mu Febuluwale 2022 chipani chawo chili m'boma. Mu 2020, pamene Nepal inatulutsa mapu atsopano ophatikiza Kalapani, Lipulekh ndi Limpiyadhura, madera amene India ikuwalamulira, aphungu 258 anavomereza popanda wotsutsa, kuphatikizapo a Nepali Congress imene ambiri amati ndi bwenzi la India. Sindikunena kuti mayiko aakuluwa salowerera. Mgwirizano wa mu 2005 pakati pa zipani ndi zigawenga za Maoist unapangidwira ku Delhi, ndipo mu 2020 kazembe wa China, Hou Yanqi, anayendera poyera atsogoleri a chipani cha chikomyunizimu chimene chinapangidwa mu 2018 pophatikiza zipani za Oli ndi Dahal, pofuna kuti chisagawanike. Chipanicho chinagawanikabe. Kulowerera kulipo ndithu, koma sikupambana nthawi zonse, ndipo kuwatenga anthu a ku Nepal ngati zidole za anzawo ndi kuwalakwira.

Muzikumbukiranso anthu amene mawu awo samveka pa tsiku loponya voti. Nzika mamiliyoni zikugwira ntchito ku India, ku Malaysia ndi kumayiko a Aluya monga Qatar ndi Saudi Arabia, ndipo ndalama zimene zimatumiza kwawo zimafika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma cha dziko. Bwalo lalikulu linalamula mu 2018 kuti boma liwakonzere njira yovotera ali kunja, koma pa chisankho cha 2022 sanavote. Chiwerengero cha ovota chikaoneka chotsika m'maboma a m'mapiri, chifukwa chake chingakhale chakuti achinyamata a kumeneko ali kunja.

Ponena za kumene mungawerenge, ziwerengero zitengeni ku bungwe loyendetsa zisankho la Nepal, ndipo nkhani muziyamba ndi nyuzipepala za m'dzikomo zolembedwa m'Chingelezi monga The Kathmandu Post ndi Nepali Times, kenaka muone zimene za ku India ndi China zikunena pa nkhani yomweyo, podziwa kuti mbali iliyonse ikuyang'ana zofuna za kwawo. Samalaninso ndi madeti. Boma la Nepal limagwiritsa ntchito kalendala ya Bikram Sambat, imene ili patsogolo ndi zaka 56 kapena 57 ndipo chaka chake chimayamba pakati pa Epulo, choncho zikalata za chisankho cha 2022 mukazipeza pansi pa chaka cha 2079, ndipo malamulo oyendetsera dziko a mu 2015 amatchedwa a 2072.