Musanalipire fizi ku koleji, fufuzani kaye

Abale anga a ku Nchalo, Ngabu mpaka Bangula, musathamangire kugulitsa ng'ombe kapena thonje lonse kuti mwana apite ku koleji musanafufuze. Choyamba lowani pa webusaiti ya NCHE, bungwe la boma loyang'anira makoleji ndi mayunivesite, pa foni pomwepo, muone ngati kolejiyo ili pa mndandanda wa makoleji olembetsedwa, komanso kosi yeniyeniyo, chifukwa sukulu itha kukhala yolembetsedwa koma pulogalamu yomwe mwana akufunayo sinavomerezedwe, ndiye pepala lake mabwana amangolikankhira pambali. Za unamwino funsaninso ku Nurses and Midwives Council, za luso la manja ndi TEVETA.

Mukafika pa ofesi ya kolejiyo funsani za malekichala, a masters alipo angati, amawatumiza kukawonjezera maphunziro? Ine ndi mphwanga pa koleji ina tinapeza lekichala mmodzi akuphunzitsa makosi asanu, laibulale shelefu imodzi basi, tinangotuluka osalipira.